Malo a Ozella Pambali pa Amayi

Dokotala atamuuza Ozella Tarver kuti za mankhwala zatha, iye sanalire. Anaitana mlongo wake wamng'ono Cleophus nati, "Ukandiike pambali pa amayi. Kumanda a m'tauni aja ayi. Kumeneko anthu amagona ngati galimoto zoimikidwa pasitolo."

"Ndamva, achemwali," anatero Cleophus.

Koma manda a amayi sankadziwikanso. Anali kumunsi kwa munda wakale wa thonje, pafupi ndi mtsinje wa Oconee, pakati pa manda ena a mtundu wawo. Zipilala kunalibe, ankangoikapo miyala yotola m'munda. Agogo awo anabzala mpanda wa zitsamba zotchedwa puriveti mozungulira kuti ng'ombe zisamalowe. Abale atabalalikira ku Atlanta ndi ku Detroit, mpanda uja unayamba kuyenda. Mbalame zinkadya zipatso zake zakuda n'kumamwaza njere, mpaka zitsambazo zinameza manda ndi dambo lomwe. Munthu ankalowamo chokwawa. Pansi pake sipankamera ngakhale udzu, ndipo masana dzuwa lili paliwombo munkakhala mdima wobiriwira, muli zii.

Panali mayi wina wa ku yunivesite, Dana Whitlow, amene ankafufuza za chitsambachi. Ankafuna kudziwa chimene chimabwerera m'nkhalango puriveti akachotsedwa, kaya njuchi, kaya maluwa akale. Anapempha kangapo kuti adule m'dambo la a Tarver, Cleophus n'kumakana. Tsopano Cleophus anamuimbira yekha foni.

"Bwerani. Koma makina anu ogaya mitengo aja asapondepo. Muli anthu m'menemo."

Anadula ndi manja, m'mwezi wa Febuluwale. Zitsamba zitagwa panaoneka nthaka yakuda, yosalala ngati yosesedwa. Miyala ija mizu inali itaigudubuza n'kuiunjika paliponse. Cleophus anayenda uku ndi uku chipewa chili m'manja, osazindikira kanthu.

"Wawapeza?" Ozella anafunsa Cleophus atabwerera kunyumba.

"Ndikadafunabe."

"Iwe ungapeze chiyani? Magalasi ako omwe umawafuna ali pamphuno."

Mu Epulo Dana anamuimbira. Mawu ake sanali a masiku onse. "Bambo Tarver, tabwerani mudzaone nokha. Sindidziwa kuti ndinene bwanji."

Njere za puriveti zimene zinagona m'nthaka zinali zitamera. Koma sizinamere paliponse. Timbewuto tinathithikana m'zigawozigawo, chilichonse kutalika kwake ngati munthu wogona, m'mbali mowongoka, zonse zoloza kum'mawa. Pakati pa zigawozo sipanamere kanthu. Cleophus ankaganiza kuti kuli manda ochepa, koma mizereyo inapitirira mpaka kumene anasiyira kudula, n'kulowa m'zitsamba.

"Manda akakhalitsa amatitimira pang'ono," Dana anafotokoza. "Mvula imakokololera njere m'menemo, ndipo chinyontho chimakhalitsa. Kukanakhala chisanu ngati kale zambiri zikanafa, koma chaka chino sikunazizire. Palibe chodabwitsa." Ananena izi akulankhula chapansipansi, ndipo sankaponda pobiriwirapo.

Cleophus anayenda m'mizeremo. Amayi awo anamwalira pobereka mwana wina, iye ali wamng'ono, ndipo khandalo nalo linamwalira n'kuikidwa kumanzere kwawo. Chapakati anapeza chigawo chachikulu, pambali pake kachigawo kosaposa mkono wake. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kumanja kwa amayi nthaka inali yopanda kanthu, yolimba. Anazikapo kamtengo.

"Timbewuti tiyenera kutipopera mankhwala kuti tife tisanakhwime," anatero Dana.

"Dikirani achemwali aone kaye."

Ozella anali atafooka, moti panapita masabata asanathe kukwera galimoto. Cleophus anamutsamiritsa mapilo, nayendetsa pang'onopang'ono kudutsa m'munda mpaka m'mphepete mwa manda. Dana anali kale komweko ndi thanki yake yopopera kumsana. Sanawapatse moni monga mwa masiku onse. Anangoloza ndi mutu.

Kamtengo kaja kanali chiimire, koma katapendekeka. Pozungulira pake, kumanja kwa amayi, panali chigawo chatsopano. Timbewu take tinali tanthete kuposa tinzake, tobiriwira mowala, m'mbali mowongoka. Nthaka inali itatitimira pang'ono.

"Munakumbapo?" Cleophus anafunsa.

"Ayi ndithu, bambo. Mwina panali chitsa chinawolera pansi. Mwina ndi manda akale, njere zake zangochedwa kumera."

"Panalibe munthu apa. Ndinapondapo ine."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Ozella anatsitsa galasi la galimoto. "Inu awiri mukunong'onezana chiyani ngati akuba nkhuku? Ndithandize nditsike, iwe."

Cleophus anamugwira m'khwapa, ndipo Ozella anali wopepuka ngati mtolo wa zovala. Ozella anayang'ana chigawo cha amayi, kachigawo ka khanda, kenako chatsopanocho. Anachiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi monga mmene ankayezera nsalu ndi maso nthawi imene ankasoka. Chinali chachifupi kuposa cha amayi. Ozella naye anali wamfupi.

Anaseka pang'ono. "Amayi sanasinthe. Mlendo asanafike, iwo ayala kale."

"Musatero, achemwali."

"Nanga ndinene kuti chiyani? Malo ndinawapempha, si awa?" Anatembenukira kwa Dana. "Iwe mwana wanga, mankhwala akowo upopere kwina konseko. Apa usiye. Uyu akapanda kuona chizindikiro adzandiika pa munthu wina."

Dana anavomera ndi mutu, nanyamuka kupita kumapeto kwa mizere. Posakhalitsa kunamveka kupopera kwake, fuu, fuu.

Cleophus anamubwezera mlongo wake m'galimoto n'kumufunditsa bulangeti m'miyendo. Sanalize injini. Anabwerera pa chigawo chija, nagwada, nayamba kuzula timbewuto ndi manja. Tinkazuka mosavuta, timizu toyera ngati ulusi. Anazula kumutu, n'kumasendera chakumapazi, akuponya kumbuyo.

"Cleophus!" Ozella anaitana. "Ukuchita chiyani, wamakani iwe?"

Cleophus anangopitiriza kuzula. Atafika kumapazi anapukuta manja pa thalauza n'kucheuka. Zobiriwira zonse zinali zitachoka, koma chigawocho chinalipobe. Nthaka imene anaitakasa inali yakuda ndi yofewa, m'mbali mowongoka, ngati pamene anthu angoyamba kukumba.

"Wandikonzera bwino," anatero Ozella. "Tiye, ndazizidwa."