Michira Itatu pa Khobidi la ku Samarkand

Selinah anali atadula kale ndimu, mchere uli pambali, pamene foni inalira. Chaka cha korona chimenecho chilichonse cholowa m'nyumba ya ku Al Barsha, momwe ankagwira ntchito kutali ndi kwawo, chinkasambitsidwa, ngakhale anyezi, ndiye kakhobidi kobiriwira ndi dzimbiri kamene kanangofika m'phukusi kakanapulumuka bwanji?

Anali abwana ake, a Rustam, nkhalamba ya ku Samarkand, akuimba pavidiyo ali m'chipatala, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno.

"Khalas, basi, siya ndimuyo," anatero. "Dzimbiri limenelo lili ndi zaka zoposa chikwi. Ukalichotsa, walipha khobidilo."

A Rustam ankatolera makobidi amkuwa a Asogidi, amalonda akalekale akwawo, makobidi okhala ndi chibowo cha ngodya zinayi pakati. Panali limodzi la mfumu ina lomwe analisaka zaka makumi awiri, ndipo wamalonda wa kumsika wa Naif amene analitumiza ankalumbira kuti ndi lomweli. Umboni unali tamga, chizindikiro cha banja la mfumuyo pambali pa chibowo, chomwe chimayenera kukhala ndi michira itatu. Tsono madokotala anali atanena kuti masana omwewo awagoneka pamakina opumira, kumene ena ankapitako osadzukanso. Nkhalambayo inkafuna kudziwa isanagone.

Selinah anajambula khobidilo pawindo, pansi pa getsi, pathaulo loyera. Zithunzi zonse zinkangooneka ngati chitumbuwa chopserera. A Rustam anayamba kutsokomola, ndipo Selinah anawamvera chisoni kwambiri.

Apa m'pamene anakumbukira zakupulayimale ku Ntcheu, komwe ankavundikira teni tambala ndi pepala n'kukhula ndi pensulo mpaka chimanga chake chitaonekera, kupanga ndalama zosewerera sitolo. Anang'amba pepala, n'kugoneka pensulo chammbali, n'kuyamba kukhula mwapang'onopang'ono.

Chibowo chinatuluka. Kenako timalembo topindikapindika. Kenako kanthu kozungulira.

"Bwana, chikubwera. Chili ndi michira."

"Iwiri kapena itatu?"

"Musandithamangitse, inetu ndiye katswiri lero."

Anakhulanso pakona pamene panali pasanade, akuvinavina chiimirire ngati mwana. Anawerenga kawiri, kenako anaika pepalalo pamaso pa foni.

"Itatu."

Nkhalamba inayang'anitsitsa, n'kuseka mpaka misozi, mpaka namwino anabwera chothamanga.

"Yalla, tiyeni, bweretsani makina anuwo," anatero a Rustam. "Koma mundidzutse. Kunyumba kuli khobidi lomwe sindinaligwirebe ndi dzanja langa."