Maso Otsalira Pakatoni

Wamafelemu anali munthu wodzitama, pamenepo tisabisane. Ukamubweretsera chithunzi, ankayamba wakuuza kuti manja ake sanalakwitsepo chibadwire. Ndiye mlamu wake, mkazi wa malemu mkulu wake, atalowa m'shopu ndi kapepala kochepa ngati chikhatho, iye anangoti, "Kameneka? Ndingakakonze nditatsinzina."

"Tamverani kaye, alamu," anatero mayiyo. "Mbali iyi akulu anu anandijambula ndi pensulo tili pachibwenzi. Kuseriku ndinawajambula ndine. Ndikufuna galasi uku, galasi uku, kuti ndizitembenuza."

"Ndamva, ndamva," anayankha, maso ali pa kasitomala wina.

Kumva anamvadi, koma manja ozolowera safunsa mutu. Masana omwewo, akuseka nthabwala za telala woyandikana naye, manjawo anachita zimene amachita tsiku ndi tsiku: kupaka guluu pakatoni, kumatapo kapepala, kupsinja ndi thabwa. Anadzakumbukira m'mawa mwake guluu atauma gwa! Mayo, nkhope ya mkulu wake ndiyo inali pansi.

Anawiritsa madzi m'ketulo, n'kumafewetsa guluuyo ndi nthunzi uku akumatula pang'onopang'ono ndi lezala, thukuta lili kamukamu. Kapepala kanachoka. Makutu analipo, ndevu zinalipo, koma maso onse awiri anatsalira pakatoni.

Manyazi ndi oipa, abale, amachititsa munthu wamkulu zachibwana. M'malo mopita kukapepesa, anaponya katoniyo pansi pa tebulo n'kusongola pensulo. Paja anthu ankati iye ndi malemu anali ofanana ngati mapasa? Anadziyang'anira pa chidutswa cha galasi, n'kujambula maso awiri okongola bwino pankhope ya mkulu wake ija. Kenako anaika kapepalako pakati pa magalasi awiri, n'kukhoma timatabwa m'mbali. Felemuyo inaoneka bwino, imeneyo ndiye sitingamunamizire.

Mlamu uja atabwera, anayamba waona nkhope yake ya pautsikana n'kumwetulira. Kenako anatembenuza. Anayang'anitsitsa mpaka telala, amene anaima pakhomo, anasiya kutafuna chingamu.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "awa ndi maso anu."

Analoza nkhope ya pakapepalayo n'kupitiriza.

"Akulu anu diso lawo lamanzere linali laling'ono. Ndinalijambula momwemo, anandikwiyira tsiku lonse, kenako anaseka mpaka misozi. Diso limenelo ndi limene ndimafuna ndiziliona. Lili kuti?"

Wamafelemu analakalaka atalowa pansi. Anagwada, bambo wamkulu ndi imvi zake, n'kuyamba kufukula m'zinyalala za pansi pa tebulo. Anaipeza katoni ija ili ndi utuchi, ndipo anaipereka ndi manja awiri, nkhope itazolika.

"Ndinamata, alamu. Munandiuza bwinobwino, ine ndinamata. Ndikuchita manyazi."

Mayiyo anauzira utuchi uja. Pakatonipo panali kachikamba ka pepala, maso awiri ali pamenepo, lina lalikulu, lina laling'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi amenewa," anatero, n'kuika katoniyo m'chikwama mosamala. Kenako anamukankhira felemu ija. "Tsegulani, mufufute anuwo. Pakhale popanda kanthu. Ine ndikudziwa amene anali pamenepo."

Wamafelemu anazula timisomali tija kamodzikamodzi, n'kutenga labala. Mlamu wake anakhala pampando, chikwama chili pachifuwa, akudikira kuti amalize.