Pepala la a Tesch

Pa chisankho cha chaka chatha anandikhazika tebulo limodzi ndi Darlene Vosberg, m'holo ya ozimitsa moto momwe timavotera ife a ku Elk Ford. Iye ndi wa chipani chofiira, ine wa chabuluu. Chikwangwani cha chipani chake chomwe anazika pakapinga wa kunyumba kwake ndinkachiona m'mawa uliwonse popita kufakitale ya tchizi, ndipo sichinkandisangalatsa. Koma mwini wakeyo sindinkamudziwa, choncho ndinkangopereka mapepala ovotera.

Dzuwa litakwera kunalowa Dwight Kessler, chipale chofewa chili mbuu pachipewa. Anati apongozi ake, a Orville Tesch, ali m'galimoto panja. Chiwagwireni sitiroko sayenda, dzanja lamanja nalonso linafa. Anapempha kuti timupatse pepala akawachongere yekha, zinthu zisachedwe.

Darlene anakana. Wovota akalephera kulowa, pepala limamutsatira kugalimoto, ndipo olinyamula timakhala awiri a zipani zosiyana. Tinavala majekete n'kutuluka.

Tinawapeza pampando wakutsogolo, bulangeti lili m'miyendo. Darlene anawafunsa kuti akufuna awathandize ndani. Dwight ndiye anayankha. Anati kunyumba kwawo onse amavota chimodzimodzi, ndipo Darlene akudziwa zimenezo, nanga si amapemphera tchalitchi chimodzi.

"Ndafunsa a Tesch, Dwight," anatero Darlene. "Iwe lako unaponya kale m'mawa, ndinakupatsa ndine."

Mkuluyo anakweza dzanja labwinolo n'kuloza Darlene. Dwight anauzidwa kuti akaime poteropo, ndipo anapita akung'ung'udza.

Kunena zoona, ndinada nkhawa. Mawu a a Tesch ankatuluka movutikira, milomo itapotoka, ndipo amene anali pafupi kuti amve anali Darlene yekha. Akanachonga dzina lililonse, ine sindikanadziwa, ngakhale mwini wakeyo mwina sakanaona.

Anawawerengera mayina limodzi limodzi, mosathamanga. Atafika pa mayina a opikisana pa udindo waukulu, womwe tauni yonse inkakanganirana, mkuluyo ananong'ona kanthu. Darlene sanachonge. Anandikoka jekete.

"Sendera kuno, Marvin, tchera khutu. A Tesch, pepani, bwerezaninso kuti uyunso amve."

Anabwereza kawiri. Ndinamva. Darlene anachonga pomwepo, n'kuwaonetsa pepalalo pafupi ndi maso mpaka anagwedeza mutu. Dzinalo sindilitchula, ngakhale pano. Ndingoti m'modzi mwa ife awiri silinamukomere, ndipo poona nkhope zathu munthu sakanadziwa kuti ndi uti.

Pepalalo tinaliika m'envulopu. Darlene anawamata pajekete kachizindikiro kaja kosonyeza kuti munthu wavota, ndipo mkuluyo anakasisita ndi chala kwa kanthawi.

Dwight anabwera akupemerera m'manja n'kufunsa kuti akuluwo asankha ndani. Darlene anamuuza kuti awatengere kunyumba, akuzizidwa. Atatembenukira kwa ine, ndinamuuza kuti tayala lake lakumbuyo likuoneka lochepa mpweya.

Envulopuyo tinalowa nayo tonse awiri, ndipo pepalalo linalowa m'makina ife tikuona. Titakhalanso pansi, Darlene anatulutsa fulasiki n'kunditsanulira khofi.

"Usaganize kuti tagwirizana. Munthu wanu uja ndi wabodza ndithu."

Ndinamuuza kuti wawoyo sangayendetse ngakhale wilibala. Anaseka, n'kuitana wotsatira pamzere.

Chikwangwani chija chikadali pakapinga wake, ndipo sichindisangalatsabe. Chaka chino ndalemba kalata kwa mlembi wa tauni kupempha kuti andikhazikenso tebulo lomwelo.