Giya ya Lachisanu Loyera

Moni inu amene mukuwerenga, ndipo ayamikike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Ku Mphunzi kuli mayi Esitere, amene kwa zaka zambiri ankayambitsa nyimbo pa Njira ya Mtanda yokwera phiri Lachisanu Loyera. Miyendo itawakana, amuna awo a Petulo anawanyamula pa pikapu yawo yakale yonyamulira mbatata. Koma galimotoyo inalibe ulemu. Ikayenda pang'onopang'ono pamiyala inkazima, akaiponda inkasiya akhristu m'mbuyo. Mayiwo anakafika pamwamba okha, nyimbo akuzimvera kutali.

Lenti yotsatira itayamba, a Petulo anapita kwa a Latif, makaniko wachisilamu wa pa Dedza boma. A Latif anafotokoza kuti kuseri kwa giyabokosi kuli kabokosi kena, tiransifa, kamene kamagawira mphamvu mawilo onse anayi. Akaikamo giya yaikulu, galimoto idzayenda mochedwa koma mwamphamvu. Chimene sankadziwa n'chakuti mochedwa bwanji.

"Imbani, achimwene, tiyende nayo nyimboyo," anatero a Latif.

A Petulo, amene kwaya inawakana kalekale, anazungulira galaja akuimba, a Latif pambuyo akuwayang'ana mapazi.

"Akatolika inu chisoni chanu n'chochedwa. Ngakhale bilimankhwe akhoza kukudutsani."

Giya inapezeka ku Lilongwe, koma inakana kulowa m'kabokosimo. A Petulo anatchula za ngamira ndi diso la singano. A Latif anati ngamirayo kumzikiti amaidziwanso, kungoti iyo inalibe gulayinda, makina opalira zitsulo. Anapala chitsulo cham'kati pang'onopang'ono poopa kuboola, chifukwa kabokosi kena kofanana sikakanapezeka Pasaka isanafike. Pomaliza giya inazungulira osakhudza khoma.

Lachisanu Loyera litafika, pikapu inakwera yokha, a Petulo osaponda chilichonse, mtanda patsogolo, kwaya m'mbali. Mayi Esitere anakhala pampando kumbuyo, amayi anzawo akuyenda atagwira galimoto. Nyimbo yoyamba anaiyambitsa mawu akunjenjemera. Pofika pamalo achitatu opempherera mawu anali atabwerera, moti anamenya denga la pikapu kuti amuna awo amve.

"Abambo, mukuthamangira kuti? Ndime sinathe."

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni mphamvu pachitunda ndi abale oyenda nawo.