Mvula ya M'sipuleya

A Makina anali mkamwini pamudzi wina m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo mwezi wa Malichi ntchito yawo inali imodzi basi: kukwera kumunda wa kumtunda kukaingitsa anyani kuti asathe chimanga. Koma bambowa bawo inawalowa m'magazi. Ankatuluka m'mawa ndi legeni m'manja, nkhope yolusa, n'kukhotera kuseri kwa tchalitchi, ulendo wa kumsika kwa mnzawo Hector. Chonsecho amalume a mkazi wawo anali atalankhula kale mosapita m'mbali: akadzangomvanso za bawo, a Makina adzanyamule chikwama chawo abwerere kwawo.

Tsiku lina pobwerera, mvula inawawaza panjira. Anafika pakhomo atagwira msana.

"Kuphiri kunali mvula, mayi a Zikomo. Ndazunzika lero."

Mkazi wawoyo, Eveles, anakulira kumtunda komweko. Anayang'anitsitsa malaya afumbi a mwamuna wakeyo, ali mawangamawanga.

"Mvula ya kuphiri yanenepa chaka chino," anatero. "Kumunda kuja mtambo umakukhala pamutu penipeni. Timadontho take timakhala ngati ufa, timangomata m'tsitsi, munthu n'kunyowa osadziwa. Madontho akuluakulu awa amagwa kuno kuchigwa. Kapena anachita kukulondolani?"

A Makina anaseka. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Iwo anangophunzirapo kuti bodza lawo linkafunika madontho ang'onoang'ono.

Mawa lake phiri lonse linafunda mtambo. A Makina anadya nkhomo za Hector pabawo mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kumukokera kuseri kwa golosale.

"Achimwene, tengani sipuleya yanu yopopera mankhwala pa tomato ija mundipopere."

"Mwapenga kodi?"

"Ingothirani madzi. Muipotokole izitulutsa ngati nkhungu."

Hector anaitsuka mwaulesi, kamodzi kokha, n'kuyamba kupopa akuseka mpaka misozi. A Makina ankatembenuka pang'onopang'ono atatambasula manja, akulamula kuti awonjezere m'tsitsi ndi m'nsidze. Kunena zoona, ntchito inagwirika. Anadziyang'ana pagalasi la njinga yamoto n'kudzimvera chisoni okha.

Kunyumba anapeza chitseko chotseka. Anakhala pakhonde, osafuna n'kupukuta komwe kuopa kuwononga umboni. Apa n'kuti khosi litayamba kuyabwa, m'khwapa mukunyerenyetsa, maso akuwawa.

Kenako anamuona Eveles akutsika ndi kanjira ka kuphiri. Tsitsi lake linali mbuu ndi timadontho, chitenje chitamata m'miyendo. Anafika n'kukhutula pamapazi pawo zimene ananyamula: zisononkho zokhazokha, zina zikadali ndi malovu a anyani.

"Mizere isanu ndi umodzi yapita," anatero. "Ndakuwa ndekha tsiku lonse, mawu mpaka kusasa."

"Tinasemphana, mayi a Zikomo. Ine ndinali chakumtunda kwenikweni. Taonani mmene ndanyowera."

Eveles anawayandikira, n'kuwagwira tsitsi, n'kununkhiza chala chake. A Makina anayesetsa kuti asakande, koma dzanja linapita lokha pakhosi.

"Madontho mwawakhoza ndithu," anatero mayiyo. "Ndipo mbozi sizikuyandikirani chaka chino."

"Ndithireniko madzi ndisambe, chonde. Thupi likuyaka."

"Musasambe, bambo a Zikomo. Dzukani choncho tipite kwa amalume, akakununkhizeni okha."