Chikopa cha Mwana wa Penshoni

Hatchi yanga yaikazi, imene ndinkaitcha Dubai, inafa m'mawa itangobereka. Magazi anakana kuleka. Dokotala wa ziweto anafika zonse zitatha, nangovula chipewa. Pambali pa mtembowo panaima kamwana kakamuna, kofiirira, kamiyendo italiitali ngati mapesi, kakufufuza bere pamimba pa mayi wake.

Ine ndine Spencer Njobvu, mwana wa ku Kabwata. Boma litamasula malonda, ndinali mmodzi wa oyamba kutsitsa mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale, kuchokera ku Dar es Salaam. Johannesburg ndimaidziwa ngati msika wa Kamwala. Ndadya mpunga ndi Aluya titakhala pamphasa, ndagona m'mapiri a ku Lesotho madzi akuuma m'chitini. Nditagula malo kupitirira Chelstone n'kuyamba kuweta mahatchi, anzanga anandiseka kuti zimenezo n'za azungu. Lero mukaona mwana wa anthu olemera a ku Kabulonga atakwera hatchi yokongola, mufunse kumene inabadwira. Koma m'mawa umenewo kamwana kaja kankafuna mkaka, ndipo mahatchi anga ena onse anali ouma mawere. Ndinayesa botolo, kanalavula. Pofika masana kanali katayamba kugwetsa makutu.

Dokotalayo ndiye anandiuza kuti hatchi ya ba Kampamba inabereka mwana wakufa dzulo lake. Ndinayala matumba m'vaneti, kagalimoto kanga konyamulira katundu, n'kukagoneka kamwanako, n'kunyamuka.

Ba Kampamba anali Mbemba wa ku Luapula, wantchito wakale wa kampani ina ya boma. Kampaniyo itagulitsidwa, anthu nachotsedwa, iwo anagula kamunda ndi hatchi imodzi yaikazi, naitcha Penshoni. Ine Mngoni, iwo Mbemba: ndife pachimbuya, mitundu yotukwanana popanda mlandu. Tikakumana kogula gaga, anthu ankasiya ntchito kuti atimvere.

Tsiku limenelo ndinawapeza atakhala pachitsa, manja ali pakati pa maondo. Penshoni ankazungulira m'khola akulira, mkaka ukudontha m'miyendo.

"Shani, ba kudya kolwe," ndinatero, monga mwa masiku onse, powanena kuti kwawo amadya anyani.

"Iwe wa mbewa, lelo nilibe mphamvu," anayankha osadzutsa mutu. "Wabwela kuniseka?"

"Nabwela na mwana wamasiye. Imwe muli na mayi, ine nili na mwana."

Anaimirira, nasuzumira m'vaneti. Kenako anatsegula okha chitseko cha kumbuyo.

Tinalowetsa kamwanako m'khola, iwo atagwira chingwe cha Penshoni. Kamwana kanamva fungo la mkaka, kanapita kakudzandira. Penshoni anakanunkhiza kumbuyo, nagoneka makutu, naponya theche. Kanagwera kukhoma. Ndinakadzutsa, tinayesanso, anakaluma pakhosi. Ndinakakoka msanga n'kukatulutsa.

"Sazakafuna," anatero ba Kampamba. "Adziwa kuti si wake."

"Adziwa na mphuno, osati na maso. Mwana wake mwamuika kuti?"

Ndinawafotokozera zimene ndinaona ndi maso angawa kwa abusa a ku Lesotho. Umasenda chikopa cha mwana wakufayo, n'kumuveka wamoyoyo ngati jekete. Mayi akanunkhiza, amamva fungo la mwana wake. Mkaka wake ukadutsa m'mimba mwa mlendoyo masiku angapo, fungo limakhala limodzi, chikopa n'kuchichotsa.

Ba Kampamba anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. Analoza kuseri kwa mtengo wa mango, kumene kunali kamulu ka dothi lofiira.

"Namuika na manja anga m'mawa muno. Namukulunga na chitenje. Manje ufuna nikafukule manda masana, anthu alikuona? Amene afukula manda timawaitana bwanji, Spencer? Ku Chelstone konse azakamba kuti Kampamba ntchito itasila anayamba ufiti."

"Ni nyama, ba Kampamba."

"Nyama kwa iwe, uli nazo zambili. Ine ninamuyembekeza chaka chonse. Uyu ndiye anali ntchito yanga yatsopano."

Ine amene ndatsitsa mitengo kwa Amwenye a ku Durban mpaka iwo eni kundithokoza, pamenepo ndinangobwerera kwa wamasiye wanga. Kamwana kanali katagona paudzu, kakupuma mofulumira, ntchentche zikutera m'maso mwake. Ndinagwada n'kumazithamangitsa ndi chipewa.

Akazi awo, ba Helen, anali ataima pakhomo la khitchini nthawi yonseyo. Anabwera pang'onopang'ono, naima pampanda, maso ali pa mawere a Penshoni, otupa mpaka kunyezimira.

"Bashi Kalenga," anaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba, "mwaona mwamene avutikila? Imwe simungadziwe. Mkaka ukabwela koma mwana kulibe, ni kuwawa kwina. Ine nidziwa."

Ba Kampamba anazolika.

"Nindani wakamba kuti mukumbe imwe?" anapitiriza ba Helen. "Pamalilo a Mbemba mwiniwake sagwila fosholo. Akumba ni ambuya. Mbuya wanu si uyu waimilila apa na nsapato za ku Joni? Akumbe iye. Anthu akaona azati ni Mngoni, misala yao tiidziwa kale."

Amuna awo sanavomere, sanakanenso. Anangotembenuka, nakakhalanso pachitsa paja, msana ataulozetsa kumtengo wa mango.

Ndinavula jekete, ndinapinda manja a malaya. Dothi linali lofewa. Mbuya akamakumba sayenera kukhala chete, choncho ndinkakuwa uku fosholo ikulowa.

"Abemba ulesi! Dzenje lamene ili n'la hatchi kapena la nkhuku?"

"Kumba, iwe wa mbewa," anayankha chakumbuyo. "Kukumba ndiye ntchito yamene mudziwa."

Ndinafika pachitenje. Ndinachivundukula mwaulemu. Kanali kakakazi, kakuda, kokhala ndi banga loyera pamphumi, kokongola zedi. Apo nthabwala zinandithera. Ba Helen anandipatsa mpeni wawo wa kukhitchini atauthwetsa pamwala. Ndinasenda kuyambira pakhosi mpaka kumchira, mchira ndi chakumbuyo ndinazisiya zathunthu, poti mayi amayamba kununkhiza kumeneko. Ndinaboola moti miyendo ilowe. Mtembowo ndinaukulunganso m'chitenje chake n'kuubwezera pansi.

Tinaveka kamwana kanga, ine ndi ba Helen, n'kumanga kumimba ndi chingwe cha mabelo. Kanaoneka kachilendo, mutu wofiirira, msana wakuda. Kanalibenso mphamvu zoyenda kokha, ndinachita kukanyamula.

"Ba Kampamba, chingwe cha Penshoni afunika mwiniwake," ndinatero.

Anabwera. Ataona chikopacho anatseka maso kanthawi, kenako anagwira chingwe nayamba kusisita hatchi yawo pakhosi, akuilankhula m'Chibemba motsitsa mawu.

Penshoni anatembenuka. Ananunkhiza mchira, anafwenthera, ananunkhizanso. Makutu ankapita kumbuyo, n'kubwerera kutsogolo. Mwendo wakumbuyo unanyamuka pang'ono. Kenako anatulutsa kamawu kakukhosi, kotsika, kamene hatchi imaitanira mwana wake yekha, ndipo mwendo uja unatera pansi. Ndinakankhira kamwana kumimba, n'kukafinyira mkaka pamlomo. Kanaphonya, kanaphonyanso, kenako kanagwira bere. M'khola monse munkangomveka kumeza.

Tinaima choncho mpaka kanakhuta n'kudzigwetsa paudzu. Penshoni anaima pamwamba pake, ndipo ine nditasendera anandigonekera makutu.

"Waona? Akuthamangitsa," anatero ba Kampamba, akupukuta m'maso ndi chikhato. "Mwana azakhala kuno mpaka akaleke kuyamwa. Ukafuna kumuona uzayamba kugogoda."

"Nizagogoda," ndinatero.

Anatola fosholo ija pamene ndinaisiya, napita okha kuseri kwa mtengo wa mango kukakwirira dzenje.