Timaenje ta M'paipi

Ndinali nditaweramira pa maikulosikopu pamene a Henderson, bwana wanga, anandigwira paphewa. Sindinawamve akulowa. Kachidutswa ka paipi kamene ndinkayang'ana kanali katanditengera kutali: pagalasipo chitsulo chinkaoneka ngati dziko la kwathu ku Kasungu ukamaliona uli m'ndege mwezi wa Okutobala, lofiira, louma, la tinjira tosapita kulikonse.

"Wezzie, waona chiyani?"

"Dzimbiri, bwana. Lakumba timaenje m'kati."

Munali mu Disembala wa 2006. Labu yathu ya ku Croydon, kudziko lakunja kumene ndinkagwira ntchito, inkayeza madzi ndi zitsulo zochokera ku siteshoni ina ya magetsi a nyukiliya, kugombe la nyanja. Kumeneko madzi amawira n'kusanduka nthunzi yozunguza makina, koma amayamba awachotsa mpweya wa okosijeni. Ukachulukamo, umadya paipi mwakachetechete mpaka tsiku lina kung'ambika.

"Mpweya ukulowa penapake," ndinatero. "A ku siteshoni aimitse makina, afufuze."

A Henderson anavula magalasi. "M'chisanu muno, pamene anthu akufuna magetsi kwambiri? Ukakhala kuti walakwitsa, sadzatipatsanso ntchito. Ndipo chilolezo chako chokhalira kuno chatsamira pa labu ino."

"Ndikudziwa."

Anasuzumira okha pagalasipo nthawi yaitali. Kenako anatenga foni.

Masiku otsatira ndinkayenda ngati wolota. Basi ya ku Thamesmead, kumene ndinkakhala, inkaoneka ngati ikuyandama m'chifunga. Azakhali anga a Margaret, namwino amene ndinkakhala nawo, anaona kuti sindikudya.

"Iwe, ndi nkhani ya visa?"

"Ayi azakhali, ndi paipi."

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Anzako amaonda chifukwa cha amuna, iwe paipi."

Lachinayi masana a Henderson anabwera n'kukhala pampando wa pafupi nane, zimene sankachita.

"Aupeza mng'alu, pamene mapaipi alumikizana. Paipi ina inali itapyapyala ngati chikhadabo, ndipo amisiri amadutsa pansi pake m'mawa uliwonse."

Anandiuza kuti ndiweruke.

Ndinatsika basi ndisanafike kwathu, n'kuyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje. Kunja kunkada msanga, ndipo magetsi ankayaka m'mafulati, windo ili, kenako ilo, ngati anthu akuyankhana. Pa windo lathu panaima azakhali, akadali mu yunifomu, chipumi chili pagalasi, akuyang'ana kumene ndinkatsikira basi masiku onse.